Malata Atatu

Anandisankha kukhala msungichuma chifukwa ndine telala,
akuti wozolowera kuyeza sawononga nsalu.
Chumacho chimagona m'chitini cha mabisiketi
pansi pa makina anga, pamodzi ndi mabatani.

Nyumba yathu yosungira zakale ili kuseri kwa msika wa pa Dedza.
Kale inali sitolo ya feteleza,
mpaka lero ukatsegula m'mawa fungo limayamba ndilo kukupatsa moni.
Zipinda ziwiri basi.
Chakumanja makasu akale, mikanda, chishango chodyeka ndi njenjete.
Chakumanzere zojambula za anyamata a ku Bembeke,
ndi beseni pansi pa denga lodontha,
beseni limene mlendo wina analijambula
poyesa kuti nalo ndi lachionetsero.

Loweruka loyamba la mwezi timamvera nkhani.
Mu Juni, chifunga chitatsika m'phiri n'kukhala pakhomo,
a Kadzakumanja anatifotokozera
momwe akale ankayengera chitsulo m'ng'anjo.
Tinabwera asanu ndi atatu.
Mmodzi ankangothawa mphepo.
Wina anagona nkhani itafika pa mvukuto,
n'kudzidzimuka kuwomba m'manja isanathe.
M'mbale munagwa masauzande anayi
ndi kandalama kachitsulo ka ku Mozambiki.

A Nangozo anati, anthu atopa ndi benchi,
tiyeni tiwatulutse.

Tinachita hayala lole ya mbatata ya Egidiyo.
Tinakwera makumi atatu, ana asukulu, masisitere awiri,
fumbi la njira ya ku Mphunzi likutidzoza mpaka m'mano.
Ine chitini pamiyendo,
bampu iliyonse chikundiseka.

Pathanthwe paja tinapeza mizere yofiira, timadontho,
ndi nyama yoyera yotambasula miyendo ngati yoyanika.
A Kadzakumanja anayamba za Akafula
koma ana anali kalikiliki kuwerenga za makala cham'munsi,
pomwe wina analemba kuti Sitivini anafika pano.
Kamtsikana kena, Lekeleni, kanatukula dzanja,
ine n'kutsegula pakamwa kuti ndikaletse,
koma kanaliimitsa kokha,
mpata wa chala chimodzi kuchoka pamwala.
Kanafunsa: wojambulayu anali wamfupi ngati ine?
A Kadzakumanja, odziwa zaka zonse pamtima,
anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

Egidiyo sanakwere nafe.
Anatsala m'lole kumvera mpira,
ndipo pobwerera anati dizilo wakwera, muwonjezere.

Usiku ndinawerenga katatu, malovu pachala.
Denga likufuna malata asanu.
Zotsala zinakwana awiri.

Lachiwiri Egidiyo uja anatulukira pakhonde panga
ndi buluku long'ambika pabondo
ndi kanthu kokulunga m'thumba la mbatata.
Anati Lekeleni ndi wanga,
chibwerere wadzaza khoma la khitchini ndi zojambula za njerwa,
mayi ake akalipa mpaka mawu asasa.
Anamasula thumba.
Chipewa cha kumgodi, cha ku Joni,
chophwanyika mbali imodzi, nambala ikuwonekabe.
Cha bambo anga, anatero,
nkhuku zinkaikiramo mazira.
Mwana akuti chikakhale poti anthu aziona.

Ndalama ya dizilo sanabweze,
ndipo ya buluku anati adzapereka akagulitsa.

Ndinadula kakatoni mowongoka bwino,
paja lumo ndiye ntchito yanga,
ndinalemba dzina la mkuluyo, Sitaubi Mbendera,
ndi mudzi wake, ndi zaka zongoyerekeza.
Tinachiyika pakati pa chishango ndi makasu,
kutali ndi podontha.

Mwezi wamawa wolankhula ndi Egidiyo.
Akuti sadziwa kuyankhula pagulu,
koma wandifunsa kale kawiri ngati mabenchi akwane.

Malata awiri aja takhoma.
Madzi asamukira pakona ya kumadzulo,
ndipo dzulo, mitambo itayamba kuda cha ku Linthipe,
ndinatseka makina msanga
kukasuntha beseni.